Nyimbo zokhazika mtima pansi: kasankhidwe ndi kamvetseredwe kake

Mukafufuza nyimbo zopumulira pa YouTube kapena pa Spotify, zambiri zimene zimatuluka ndi za magulu awiri, new age ndi world music. Muli piyano yoyenda pang'onopang'ono, chitoliro cha nsungwi cha ku Japan, kora ya ku Mali, ndi mawu a oimba a zinenero zimene simunazimvepo. Anthu ambiri amangodina yoyamba imene yaonekera, n'kuisiya ikulira uku akuyankha mauthenga a pa WhatsApp, uku akuwerengera ndalama za lendi m'mutu. Pakatha mphindi zisanu amati nyimbozi n'zotopetsa, n'kubwerera ku zimene anazolowera. Ine ndimakhulupirira kuti nyimbo zimenezi zili ndi mphamvu yeniyeni yotsitsa mtima, koma siigwira munthu amene wangoyatsa n'kutayirira. Pamafunika kusankha ndi khutu lanu, kuzindandalika mwanzeru, ndi kupatula theka la ola loti likhale la nyimbozo basi.

Zoti nyimbo zimafika m'thupi si nkhambakamwa. Mu 2015 magazini ya zachipatala ya The Lancet inasindikiza ntchito ya akatswiri a ku Britain amene anaunika pamodzi makafukufuku oposa 70 okhudza odwala ochitidwa opaleshoni, anthu pafupifupi 7,000. Amene anamvetsera nyimbo ananena kuti ululu ndi nkhawa zinali zocheperako, ndipo anafuna mankhwala opha ululu ochepa poyerekeza ndi anzawo. Owerenga Baibulo akudziwa kuti nzeruyi ndi yakale: pa 1 Samueli 16, mfumu Sauli akavutika mumtima, Davide ankatenga zeze n'kumuimbira, iye n'kupeza bwino.

Choyamba, dziwani zimene zili m'magulu awiriwa

Nyimbo za new age zinakula ku America, ku Ulaya ndi ku Japan m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980, ndipo zambiri zinapekedwa ndi cholinga choti womvera afatse. Ku California kunali kampani ya Windham Hill, imene inatchuka ndi zimbale za gitala yokhayokha kapena piyano yokhayokha, makamaka za George Winston. Ku Japan, Kitaro anadziwika mu 1980 atapeka nyimbo za pulogalamu ya pa kanema wa NHK yonena za njira yakale ya malonda ya Silk Road. Enya wa ku Donegal, m'dziko la Ireland, anamveka dziko lonse mu 1988 ndi chimbale cha Watermark. Iyeyu amajambula mawu ake kambirimbiri n'kuwasanjikiza, mpaka munthu mmodzi kumveka khamu. Palinso Brian Eno wa ku England, amene mu 1978 anatulutsa Music for Airports, nyimbo zofewetsa malo a piringupiringu. Zakezo anazitcha ambient, koma pa intaneti mudzazipeza moyandikana ndi za new age.

World music ndi nkhani ina. Mu 1987 akuluakulu a makampani ang'onoang'ono a nyimbo anakumana ku London n'kugwirizana dzina limodzi, kuti eni masitolo azidziwa poika zimbale zochokera ku Africa, ku Asia, ku South America ndi kwina. M'thumba limeneli munalowa chilichonse: rumba ya ku Congo, nyimbo zachipembedzo za ku Pakistan, ng'oma za ku Burundi. Ngakhale chimbale cha Zomba Prison Project, chojambulidwa m'ndende ya ku Zomba, chinapikisana nawo pa mphoto za Grammy za 2016 m'gawo lomweli. Zambiri mwa nyimbo za m'gululi ndi zovina, zodzutsa, za pamwambo. Gule wa Vimbuza wa Atumbuka ndi wochiritsa, ndipo UNESCO inamuzindikira mu 2005, koma amachiritsa ndi ng'oma zogwedeza thupi lonse. Choncho dzina la gulu lisakunamizeni. Limangokulozerani kofufuza, kusankha kwenikweni ndi kwanu.

Chachiwiri, yesani nyimbo iliyonse musanaiike pamndandanda

Tengani wotchi. Nyimbo ikulira, gogodani chala pabondo motsatira kugunda kwake kwa masekondi 15, muwerenge, kenaka muchulukitse kanayi. Mukapeza pakati pa 60 ndi 80, ndiye kuti ili pa liwiro limene ofufuza ambiri amagwiritsa ntchito poyesa nyimbo pa anthu osowa tulo ndi ankhawa. Mtima wa munthu wamkulu amene wakhala phee umagunda ka 60 mpaka ka 100 pa mphindi, ndiye nyimbo yotereyi imayenda chakumunsi kwa liwiro la mtima wopuma. Zina zilibe pogogoda n'komwe, zimangoyenda ndi mpweya wa woimba. Zimenezo musazitaye, zili ndi malo ake kumapeto.

Liwiro lokha silikwanira. Imvereni yonse mpaka pothera, masana muli maso, chifukwa nyimbo zambiri zimayamba mofatsa n'kudzaphulika pakati: ng'oma zalowa, kwaya yakweza, magitala abangula. Chenjeraninso ndi zimbale zojambulidwa pamaso pa anthu. Kuwomba m'manja kwa chinamtindi kumadzidzimutsa munthu amene anayamba kuwodzera, ndipo ntchito yonse ya mphindi 20 imathera pomwepo. Nyimbo yabwino pa ntchitoyi imakhala ndi zoimbira zochepa, sikweza kapena kutsika mwadzidzidzi, ndipo imabwereza njira yake mokwanira moti khutu limadziwiratu kumene ikulowera.

Nkhani ya mawu ndi imene anthu amatsutsana nane kawirikawiri. Nyimbo ikakhala ya Chichewa kapena ya Chingerezi, mutu umatsatira nkhani yake, mufune musafune. Woimba akangotchula za ngongole, za kusiyidwa kapena za imfa, maganizo amene mumati muwagoneke amadzuka onse. Koma mawu a m'chinenero chimene simumva amafika m'khutu monga choimbira china chabe; mumamva chifundo, chisoni kapena chimwemwe cha woimbayo popanda nkhani yoti muitsatire. Apa ndi pamene world music imaposa nyimbo zathu za tsiku ndi tsiku. Sindikukana kuti nyimbo ya m'buku la tchalitchi imene munaiphunzira muli mwana ingathe kukufatsitsani kuposa chitoliro cha kutali. Ngati imatero, iikeni. Koma ija imene inaimbidwa pamaliro a mayi anu, kapena ija munkavina ndi munthu amene munasiyana naye, isalowe pamndandanda wa usiku. Ili ndi nthawi yake ina.

Chomaliza pa kuyesaku: muyenera kuikonda. Nyimbo imene ikukunyansani, ngakhale itakwanira m'zonse tatchulazi, siingakutsitseni mtima.

Chachitatu, yambirani pa zoimbira izi

Ndikanauzidwa kuti ndisankhe choimbira chimodzi chokha, ndikanasankha kora ya kumadzulo kwa Africa, ya ku Mali, Senegal, Gambia ndi Guinea. Ndi chipanda chachikulu chodulidwa pakati, chokutidwa ndi chikopa cha ng'ombe, chokhala ndi mtengo wautali ndi nsambo 21. Woimba amachiyang'anitsa kwa iye mwini, zala zina zitagwira timitengo tiwiri ta m'mbali, n'kumakhwekhwesa nsambo ndi zala zinayi zokha, zazikulu ziwiri ndi zolozera ziwiri. Zala zazikulu zimasunga njira ya mawu a pansi imene imangozungulira osasintha, pamene zolozera zimathamanga pamwamba n'kubwerera. Kuzungulira kwa pansiko ndi kumene kumagwira mtima, ndipo kuthamanga kwa pamwambako ndi kumene kumaletsa kuti mutope. Toumani Diabaté wa ku Mali, wa m'banja la oimba kora la mibadwo yambiri, amene anamwalira mu 2024, anatulutsa chimbale cha Kaira mu 1988, kora imodzi yokha popanda china chilichonse. Mu 1999 anatulutsa New Ancient Strings ndi Ballaké Sissoko, makora awiri akuyankhana. Yambirani pamenepo.

Pafupi ndi kwathu pali mbira ya Ashona ndi sansi yathu. Mu 2020 UNESCO inalemba luso losula ndi kuimba zoimbirazi monga chuma cha Malawi ndi Zimbabwe pamodzi. Mbira ya ku Zimbabwe imakhala ndi tizitsulo toposa 20 tomangidwa pathabwa, ndipo kawirikawiri amaiika m'chipanda chomatidwa tizitsekerero ta mabotolo kapena tizigoba, zimene zimapereka kaphokoso kolirima pansipansi. Khutu lachilendo limayamba kuganiza kuti sipika yang'ambika, koma kaphokosoko n'kadala, ndipo mukakazolowera mumakasowa kakapanda kumveka. Dziwani kuti kwa eni ake mbira si yogonetsa ana. Amaiimba usiku wonse pa mwambo wa bira poitana mizimu ya makolo, ndipo zisekese zikalowa imathamanga zedi. Ndiye fufuzani zojambulidwa zimene muli mbira imodzi kapena ziwiri popanda zisekese. Forward Kwenda, Ephat Mujuru ndi Stella Chiweshe ndi mayina oyambira. Za kwathu zakale ziliponso: Hugh Tracey anayenda m'dziko muno m'zaka za m'ma 1950 akujambula oimba bangwe ndi kalimba, ndipo zojambulazo zimasungidwa ku International Library of African Music ku Makhanda, m'dziko la South Africa. Koma popeza mawu ake mungawamve, ziyeseni kaye masana.

Kenaka zitoliro. Shakuhachi ya ku Japan ndi nsungwi ya mabowo asanu, ndipo amonke ena a Chibuda a gulu la Zen ankaiimba monga njira yosinkhasinkha ndi mpweya. Mumamva woimba akukoka mpweya, kuutulutsa motalika, kenaka chete, kenaka kukokanso. Musanazindikire, chifuwa chanu chimayamba kutsanzira. Ku India kuli bansuri, ndipo katswiri wake wodziwika ndi Hariprasad Chaurasia. Nyimbo za kumpoto kwa India zimayamba ndi chigawo chotchedwa alap, chopanda ng'oma, chimene chimatha kutenga mphindi zambiri; chimenecho ndiye chanu, chifukwa ng'oma za tabla zikalowa liwiro limakwerakwera mpaka kumapeto. Kumeneko nyimbo zimayendera nthawi ya tsiku: za mtundu wotchedwa Yaman ndi za madzulo, za mtundu wa Bhairav ndi za m'bandakucha.

Duduk ya ku Armenia, yoimba pouzira ngati chitoliro, yosemedwa ku mtengo wa apurikoti, imene Djivan Gasparyan anaitchukitsa, ndi yokoma koma yolemera ndi chisoni. Chimodzimodzi nyimbo za morna za Cesária Évora wa ku Cape Verde, zimene zambiri ndi za kupukwa kwa anthu amene anachoka kwawo. Munthu amene akugwira ntchito ku Johannesburg kapena ku Leeds, ana ali kumudzi, asadabwe zikamufinya pakhosi ngakhale sakumva liwu ndi limodzi lomwe. Zoterezi zili ndi ntchito yake, koma malo ake ndi koyambirira kwa mndandanda, pa chifukwa chimene chikubwerachi.

Chachinayi, ndandalikani kuyambira pamene mtima uli

Apa ndi pamene ambiri amaphonya. Munthu wafika kunyumba mutu ukuwira, mtima ukuthamanga, n'kuyatsa nyimbo yofatsa kwambiri imene ali nayo. M'malo momutsitsa imamukwiyitsa, chifukwa thupi lili kutali ndi nyimboyo. M'zaka za m'ma 1940, Ira Altshuler, dokotala wa matenda a maganizo ku Michigan m'dziko la America, anafotokoza njira imene othandiza odwala ndi nyimbo akuigwiritsabe ntchito: yambani ndi nyimbo yofanana ndi mmene munthuyo akumvera, kenaka musinthe pang'onopang'ono kulowera kumene mukufuna afike. Amayi akudziwa kale zimenezi. Mwana akamalira kumbuyo sayamba ndi kumugwedeza mofatsa. Amadumphadumpha naye mofulumira, kuimba mokweza, ndipo kulira kukamachepa iwonso amachepetsa mpaka atsala akung'ung'udza.

Ndiye theka la ola ligaweni patatu, koma osati mofanana. Mphindi 8 kapena 10 zoyamba zikhale za nyimbo zimene zikadali ndi mwendo, zogunda cha m'ma 90 kapena 100, monga gitala ya Ali Farka Touré wa ku Mali ikuyankhana ndi kora, kapena mawu ofewa a Ladysmith Black Mambazo. Pakati, gawo lalitali koposa, pakhale choimbira chimodzi chokha: kora, mbira kapena piyano. Mphindi zomaliza zikhale za zitoliro kapena za mawu aatali a ambient amene alibe pogogoda. Nyimbo iliyonse ikhale yofatsa pang'ono kuposa imene yangotha. Mukamva kuti penapake pali phompho, mwatsika mofulumira kwambiri. Fufuzani nyimbo ina yoika pakatipo.

Ngati chimene chakugwirani ndi chisoni osati kuthamanga kwa mtima, yambani ndi nyimbo yachisoni, morna kapena duduk, imodzi kapena ziwiri basi. Kenaka pitani ku yowalako pang'ono. Kukhala ola lathunthu m'nyimbo zachisoni, usiku ndi usiku, kumazamitsa anthu ena m'maganizo m'malo mowatulutsa, makamaka amene amakonda kubwereza zinthu zowawa m'mutu. Ndi bwino kukhala ndi mindandanda iwiri, wa tsiku la mkwiyo ndi piringupiringu, ndi wa tsiku lolemedwa.

Chachisanu, konzani foni ndi malo

Dawunilodani nyimbozo zikhale m'foni, pa nthawi imene muli pa Wi-Fi kapena pa bandulo yotchipa ya usiku, ndipo ngati n'kotheka muzitenge kumalo amene amalipira oimba ake. Nyimbo ya mawu okha imadya pafupifupi 1 MB pa mphindi, ndiye theka la ola ndi cha m'ma 30 MB. Kanema amadya kuwirikiza kangapo, komanso amakukopani kuti muziyang'ana foni. Chifukwa china chachikulu ndi zotsatsa malonda. Pomvera mwaulere pa intaneti, pakati pa chitoliro pamatha kulowa munthu wokuwa za sopo kapena za kubetcha mpira. Nyimbo zikakhala m'foni, thimitsani netiweki yonse, kuti pasalowe uthenga kapena kuitana. Thimitsaninso zosakaniza nyimbo mwachisawawa, chifukwa ndondomeko munakonza ija ndiye mankhwala ake, ndipo onetsetsani kuti mndandanda ukatha foni isadzisankhire nyimbo ina.

Sipika ya foni imameza mawu a pansi, amene ndi msana wa kora ndi mbira. Kasipika kakang'ono ka Bluetooth kapena mahedifoni wamba ndi okwanira. Musavutike kugula zodula. Voliyumu ikhale pansi. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati munthu wamkulu asapitirire maola 40 pa sabata akumvera phokoso la madesibelo 80 (desibelo ndi muyezo wa kukula kwa phokoso), ndipo likakwera kuposa apo nthawi yotetezeka imachepa msanga. Njira yapafupi ndi iyi: wina akakulankhulani ali potalika mkono umodzi inu osamumva, tsitsani. Ngati mumakhala pafupi ndi bala kapena msewu, musalimbane ndi phokosolo pokweza nyimbo. Pezani mahedifoni ophimba khutu lonse, kapena sinthani nthawi. Magetsi akathima, zokuzira mawu za m'dera zimakhala chete, ndipo ola limenelo ndi labwino kwambiri ngati foni munaitchaja.

Uzani a m'nyumba kuti kwa theka la ola mulibe. Ndipo nyimbo zimenezi si zomvera mukuyendetsa galimoto usiku, mukupalasa kabaza, mukulondera kapena muli pa makina.

Chachisanu ndi chimodzi, mvetserani

Khalani kapena gonani mmene thupi likufunira, koma masulani lamba ndi nsapato, foni muiike chafufumimba patali pang'ono. Nyimbo yoyamba ikayamba musadzikakamize kufatsa. Ingoonani pamene thupi lamangika: nsagwada, mapewa, pamimba, zala zimene zafumbata. Pa nyimbo yachiwiri yambani kusamala mpweya. Kokani kudzera m'mphuno mukuwerenga mpaka 4, tulutsani pang'onopang'ono mukuwerenga mpaka 6. Uku ndi kupuma ka 6 pa mphindi, ndipo kutulutsa mpweya motalika ndi kumene kumachepetsa kugunda kwa mtima. Mukamva chizungulire, siyani kuwerenga, mupume mwa nthawi zonse.

Kenaka sankhani chinthu chimodzi m'nyimboyo n'kuchitsatira. Pa kora tsatirani mawu a pansi aja, mpaka mudziwe pamene akuyambiranso. Pa mbira mudzaona chodabwitsa: mukatsatira kanjira kamodzi kwa kanthawi, khutu limayamba kumva kena kamene simunkakamva, ngakhale woimba sanasinthe kanthu. Pa chitoliro tsatirani mpweya wa woimba, makamaka kamphindi kaja pamene liwu latha koma lina lisanayambe. Maganizo adzathawa ndithu, kupita ku fizi ya ana, ku mawu amene abwana ananena, ku chimanga chimene chatsala m'nkhokwe. Mukazindikira kuti athawa, bwererani ku nsambo ija popanda kudzikalipira. Mudzachita zimenezi kambirimbiri pa theka la ola limodzi, ndipo ndi mmene zimayendera kwa aliyense.

Nthawi zina misozi imatuluka popanda chifukwa chooneka, kapena tsemwe limayenda m'mikono. Zisakuopseni. Munthu amene wakhala atadzilimbitsa tsiku lonse akamasuka, zimene anazipanikiza zimapeza potulukira. Koma ngati nyimbo ina yake ikukubweretserani mantha, kubanika kapena zithunzi za tsoka limene munakumana nalo, ithimitseni, tsegulani maso, imirirani, ndipo muichotse pamndandanda.

Nyimbo yomaliza ikatha musadzuke. Khalani chete mphindi ziwiri. Mu 2006 Luciano Bernardi ndi anzake anasindikiza kafukufuku m'magazini ya Heart, mmene ankayeza mtima, kuthamanga kwa magazi ndi kapumidwe ka anthu akumvera nyimbo zosiyanasiyana. Anapeza kuti nyimbo zothamanga zimakweza zonsezi, koma pamene matupi anatsika kwambiri panali pa mphindi ziwiri za chete zimene anaziika pakati pa nyimbo. Amene amangovula mahedifoni n'kutsegula Facebook nthawi yomweyo amataya gawo lokoma koposa.

Chachisanu ndi chiwiri, bwerezani

Mverani mndandanda womwewo, pa nthawi yomweyo, kwa masabata awiri kapena atatu musanauweruze. Thupi limaphunzira: likazolowera kuti nsambo zoyamba zija zimatsogolera ku mpumulo, limayamba kumasuka zikangomveka. N'chifukwa chake nyimbo za mndandandawu musaziyatse pochapa kapena m'minibasi; zisungireni ntchito yake. Pa nkhani ya tulo, bungwe la Cochrane, limene limaunika makafukufuku a zachipatala, linapeza kuti akuluakulu osowa tulo amene ankamvera nyimbo tsiku lililonse, pafupifupi theka la ola kapena kuposerapo, ananena kuti akugona bwinoko. Ngati cholinga chanu ndi tulo, gwiritsani ntchito sipika m'malo mwa tomvera tolowetsa m'khutu, ndipo tcherani foni kuti izime yokha.

Mukafuna kuyatsira wodwala, gogo kapena mwana, afunseni kaye, ndipo muziyang'ana nkhope. Chimene chimakufatsitsani inu chingathe kumusowetsa mtendere wina, ndipo munthu wogona pamphasa sangadzuke kukathimitsa.

Za malonjezo abodza ndi za chikhulupiriro

Pa intaneti mudzapeza makanema a maola ambiri olembedwa kuti 432 Hz kapena 528 Hz, olonjeza kuchiza matenda, kutsuka magazi, kapena kukopa ndalama. Palibe umboni wa sayansi wotsimikizira malonjezo amenewo. Ngati kamvekedwe kake kakukusangalatsani, mverani monga nyimbo chabe. Ine ndimakonda zimene woimba wake ali ndi dzina ndi kwawo, chifukwa mumamva dzanja la munthu, kachala kakutsetsereka pa nsambo, mpweya ukutha, ndipo khutu limakhala ndi chogwira.

Akhristu ndi Asilamu ena amada nkhawa ndi dzina la new age, popeza palinso gulu la zikhulupiriro lodziwika ndi dzina lomweli, ndipo nkhawayi si yoiseka. N'zoona kuti zimbale zina zimakhala ndi mapemphero a zipembedzo zina kapena munthu wolankhula zokutsogolerani m'zauzimu. N'zoonanso kuti zambiri ndi piyano kapena gitala chabe, ndipo oimba angapo amene amaikidwa m'gululi analikana dzinalo. George Winston ankanena kuti zake ndi nyimbo za piyano zachikhalidwe cha kumidzi. Werengani za chimbale musanachitenge. Chimene chikukutsutsani mumtima chisiyeni, chifukwa simungapumule ndi nyimbo imene mukuikayikira, ndipo zosankha zilipo zambiri, kuphatikizapo nyimbo za mapemphero anu omwe zoimbidwa ndi zoimbira zokha.

Zikapanda kuthandiza

Masabata atatu akatha osaona kusintha, sinthani chinthu chimodzi pa nthawi: mwina ola lake, mwina nyimbo yoyamba, mwina khofi ndi tiyi wa madzulo amene akulimbana ndi nyimbozo. Alipo anthu ochepa amene nyimbo siziwakhudza kwenikweni, ndipo kwa iwo kuyenda pansi madzulo kapena kupuma kowerenga kuja popanda nyimbo kungachite bwino.

Koma pali malire oonekeratu. Nyimbo sizilowa m'malo mwa mankhwala a BP, a shuga kapena a matenda a maganizo. Musasiye kumwa chifukwa mukumva bwino. Kupweteka pachifuwa, kubanika ndi kuthamanga kwa mtima kosadziwika chifukwa chake n'zofunika kuchipatala tsiku lomwelo. Ngati kwa masabata awiri kapena kuposerapo mwakhala wokhumudwa tsiku lililonse, chakudya sichikulowa, zimene munkakonda sizikukusangalatsaninso, kapena mukuganiza zodzipweteka, uzani munthu amene mumamukhulupirira lero lomwe, ndipo mupite kuchipatala cha pafupi. M'zipatala za maboma muli anamwino ndi madokotala oona za maganizo, ndipo ku Malawi kulinso Zomba Mental Hospital komanso St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Mukakafika, auzeninso kuti mumamvera nyimbo madzulo ndi mmene zimakuchitirani, kuti adziwe poyambira pokuthandizani.